Kodi ubwino umasangalatsa mwini wake kapena anthu ena okha?

Nachisale:
Abale anga, pali funso limene landisowetsa mtendere. Tikamati uje ndi munthu wabwino, kwenikweni timakhala tikunena chiyani? Ndikufunsa chifukwa anthu amene aliyense amawayamikira kuti ali ndi mtima wabwino, ndikawayang'ana ambiri ndi otopa. Mavuto a abale onse amathera kwa iwo, foni yawo siyipuma, tulo sagona. Pomwe ena oti za mnzawo alibe nazo kanthu akungosekerera, thupi lili see. Ndiye tandiuzeni, ubwino ndi chimwemwe zimayendadi limodzi, kapena anangotinyengerera tili ana kuti tisamavute?

Dalitso K:
Anangotinyengerera achemwali kkkk. Chifundo chinapha nkhwali, nkhani yatha.

Mai a Tiyamike:
A Dalitso, mwambi umenewo anthu amaukumbuka pokhapokha akafuna kumana. Akakhala iwo pa mavuto amakumbuka wina uja woti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kwa ine munthu wabwino ndi amene mtima wake sufunira mnzake zoipa, basi. Zoti watopa kapena sanatope ndi nkhani ina.

Aphunzitsi Mbewe:
Funsoli anthu akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 2,000, ndiye tisayembekeze kuti tilimaliza usiku uno. Koma a Nachisale, ndikuona ngati mwaphatikiza anthu awiri osiyana. Aristotle, Mgiriki uja anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 BC, ankaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa zoipa ziwiri, china choperewera, china chopyola muyeso. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kuika moyo pachiswe mopanda nzeru. Kupatsa kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza. Ndipo ankanenetsa kuti wopatsa weniweni amapereka kwa munthu woyenera, mlingo woyenera, pa nthawi yoyenera. Tsono munthu amene sangathe kunena kuti ayi, amene amatsegulira aliyense wogogoda ngakhale akudziwa kuti akupusitsidwa, ameneyo kwa Aristotle sanafike pa ubwino. Waudutsa. Ambiri mwa otopa mukuwanenawo, mukawafunsa bwinobwino, chimene chikuwatopetsa si chikondi ayi, koma mantha oti anthu anena chiyani.

Nachisale:
Eee aphunzitsi, pamenepo mwandilasa. Koma pakatipo amayeza ndani? Chimene ine ndingati ndi mlingo woyenera, m'bale wanga wosowa adzati ndi nkhanza.

Aphunzitsi Mbewe:
Palibe sikelo amayi. Iye ankati zimenezi munthu amaphunzira pochita, monga mmene woimba zeze amaphunzirira poimba. Umakhala wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza mpaka diso lizolowere kuona choyenera. Ndikudziwa kuti yankho limeneli silikhutiritsa amene akufuna lamulo lolembedwa.

Chikumbutso:
Silikhutiritsadi. Wakuba nayenso amaphunzira pochita kkkk. Ine ndimati tiyeze ndi zotsatira. Ngati zimene wachita zachepetsa kuvutika kwa anthu, wachita bwino. Ngati zawonjezera, walakwa, kaya mtima wako unali woyera bwanji. Anthu a mtima woyera awononga zinthu zambiri padziko pano. Kholo lomwe limachitira mwana chilichonse chifukwa cha chikondi, mwanayo n'kukula osadziwa kudziimira payekha, tinene kuti lachita bwino chifukwa linkafuna zabwino?

Mai a Tiyamike:
Ndiye munthu wopereka thandizo kuti amujambule n'kuika pa Facebook, mtima uli pofuna kutchuka, ameneyo mukumuika pamwamba pa mayi wosauka amene wapereka kochepa mobisa?

Chikumbutso:
Wolandirayo akafunsidwa angasankhe ndani amayi? Wodwala amene wagulidwira mankhwala sachira ndi mtima wa wogulayo, amachira ndi mankhwalawo.

Aphunzitsi Mbewe:
Awiri inu mwalowa m'mkangano wakale osadziwa. A Chikumbutso ali kumbali ya Jeremy Bentham, Mngelezi amene anamwalira mu 1832, woti chabwino ndi chimene chimabweretsa chisangalalo chochuluka kwa anthu ochuluka. Mai a Tiyamike ali kumbali ya Immanuel Kant, Mjeremani wa ku Königsberg, amene ankati chinthu chokha chabwino popanda chikayikiro ndi mtima wofuna kuchita choyenera. Koma amayi, musanamukumbatire Kant dziwani kumene anakathera. Mu 1797 analemba kuti ngakhale wakupha atabwera pakhomo panu n'kufunsa ngati mnzanu amene akumusaka wabisala m'nyumbamo, simukuyenera kunama. Anthu mpaka lero amapukusa mitu. Nayenso Bentham ali ndi dzenje lake: ngati tikungowerengera chisangalalo cha ochuluka, ndiye kuti kuzunza munthu mmodzi wosalakwa kuti khamu lisangalale kungaoneke ngati kovomerezeka. Njira iliyonse mukaitsata mpaka kumapeto osacheuka, imakakusiyani pamalo pochititsa manyazi.

Mai a Tiyamike:
Iii ayi, wakuphayo ine ndimunamiza ndithu, ndipo ndikagona tulo tabwino.

Dalitso K:
Mwaonatu, amayi a mtima woyera avomera bodza kkkk

A Nkhoma:
Mukuzungulira chifukwa mwasiya Mwini wake. Ubwino umachokera kwa Mulungu. Chimene walamula ndicho chabwino, chimene waletsa ndicho choipa. Anzeru a dziko adzatsutsana mpaka kalekale.

Chikumbutso:
Bambo Nkhoma, ndi ulemu wonse, nanga anthu a zipembedzo zosiyana amene aliyense akuti walamulidwa zosiyana ndi mnzake? Komanso ndikudziwa anthu osapemphera amene ndingawasungitse mwana wanga mosakayika, ndi ena osajomba ku mapemphero amene sindingawabwereke ndi cholembera chomwe.

A Nkhoma:
Osapempherawo chikumbumtima anachitenga kuti? Anangochitola panjira?

Aphunzitsi Mbewe:
Socrates, Mgiriki winanso wanzeru, anafunsapo funso lofanana nalo ku Athens: kodi chinthu chimakhala choyera chifukwa milungu imachikonda, kapena milungu imachikonda chifukwa n'choyera kale? Okhulupirira ambiri amayankha kuti ubwino ndi chikhalidwe chenicheni cha Mulungu, osati lamulo longoganiza tsiku limenelo. Ine chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti Confucius ku China, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti usachitire mnzako chimene iwe sufuna kuchitiridwa. Anthu oti sanaonanepo n'kamodzi komwe amafika pa mfundo imodzimodzi. A Nkhoma adzati ndi chala cha Mlengi, a Chikumbutso adzati anthu okhala pamodzi sangachitire mwina. Pa zochita za mawa m'mawa onse awiri agwirizana.

Woyang'anira gulu:
Tiyeni tisalowe za mipingo abale, tikudziwa mmene zimathera. Bwererani ku funso.

Namwino wa Usiku:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko za kutopa kumene a Nachisale anena, chifukwa ntchito yanga ndi yotopetsa ndipo ndimakhala ndi anthu otopa. Kutopa kulipo kuwiri. Pali tsiku loti wayimirira usiku wonse, msana ukuwawa, miyendo yatupa, koma wodwala amene unkamuopera wadzuka n'kupempha madzi. Ukamapita kunyumba thupi limakhala lofooka koma mumtima muli phee. Ndiye pali kutopa kwina kobwera chifukwa wachita zinthu zimene sunafune, kwa anthu amene sakuona n'komwe kuti wachita, ndipo wachita chifukwa unaopa kukana. Kumeneko ukagona umadzuka uli ndi mkwiyo. Munthu wongoyang'ana kunja amaona nkhope ziwiri zotopa n'kumati n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ngakhale pang'ono.

Komanso osekerera aja musawasirire msanga. Kuseka pagulu ndi kusangalala ndi zinthu zosiyana. Ndaonapo anthu oseketsa wodi yonse masana, usiku akulira chamumtima poganiza kuti palibe akumva.

Nachisale:
Anamwino, kutopa kwachiwiriko ndikukudziwa bwino. Zikomo.

Yamikani:
Ndiwonjezereko mbali ina imene sitinaikhudze. Tikukamba ngati ubwino ndi chinthu chimene munthu ali nacho kapena alibe, koma pali kafukufuku wina amene amandisokoneza maganizo. Pa kafukufukuyu, amene anatuluka mu 1973, John Darley ndi Daniel Batson anayesa ophunzira zaubusa ku Princeton, ku America. Anawauza kuti apite ku nyumba ina akalankhule, ndipo ena mutu wawo unali fanizo la Msamariya wachifundo lenilenilo. Panjira anaikapo munthu atakhala chowerama, akutsokomola ndi kubuula. Ena anauzidwa kuti nthawi ilipo yambiri, ena kuti achedwa kale, athamange. Mwa amene sankafulumira, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, 10 okha pa 100 alionse. Mutu umene ankakalankhula sunasinthe zinthu kwenikweni. Ena anachita kumulumpha munthuyo akuthamangira kukalalikira za Msamariya.

Ndiye mwina funso loti ndani wabwino ndi laling'ono kuposa loti moyo wathu tauyala bwanji. Munthu wothamanga tsiku lonse samuona n'komwe wovutikayo.

A Nkhoma:
Wansembe ndi Mlevi aja nawonso mwina anali pa changu. Apa ndiye mwandipatsa ulaliki wa Lamulungu.

Dalitso K:
Zonsezi n'zabwino koma mukuzemba nkhani yeniyeni. Chimwemwe ndi ndalama. Amene amati ndalama sizigula chimwemwe ndi amene ali nazo, kapena amene anataya mtima kuti sadzazipeza. Munthu amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi mukamuuza za Aristotle akuthamangitsani.

Mai a Tiyamike:
Apa pokha a Dalitso sindikutsutsani. Umphawi si ukoma.

Yamikani:
Achimwene Dalitso muli ndi mfundo, ndipo ofufuza ali kumbali yanu kuposa mmene anthu amanenera. Mu 2010 Daniel Kahneman ndi Angus Deaton anapeza kuti ku America chisangalalo cha tsiku ndi tsiku chimakwera limodzi ndi malipiro mpaka pafupifupi madola 75,000 pachaka, kenako n'kuima. Nkhaniyi inafala dziko lonse. Koma mu 2021 Matthew Killingsworth anapeza kuti sichiima, chimangokwerabe. M'malo motukwanizana, iye ndi Kahneman anakhala pansi n'kuunikanso limodzi, ndipo mu 2023 anatulutsa zoti kwa anthu ambiri chisangalalo chimapitirizadi kukwera, koma kwa kagulu ka anthu osasangalala kwambiri, ndalama zimathandiza mpaka penapake basi. Munthu wosweka mtima, woferedwa kapena wodwala matenda a nkhawa, kumuwonjezera malipiro sikumuchiritsa. Komanso kukwerako kumayenda motere: kuti usangalale mowonjezereka ndi mlingo womwewo, malipiro akuyenera kuwirikiza. Ndiye ndalama yomweyo imene ingasinthe moyo wa wosauka, wolemera sangaimve n'komwe.

Dalitso K:
Ndiye mwavomereza. Ndipatseni ndalamazo ndione ndekha pamene ziimire kkkk

Yamikani:
Dikirani kaye. Mu 1978 Philip Brickman ndi anzake anafunsa anthu 22 amene anapata mphoto zazikulu za lotale ku Illinois, ku America. Sanapezeke osangalala kwambiri kuposa anthu wamba amene anawayerekeza nawo, ndipo tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kucheza ndi mnzawo kapena kumva nthabwala sitinkawakomera ngati mmene tinkakomera enawo. Anthu 22 ndi ochepa, ndiye tisamangirepo nyumba. Koma zoti mtima umazolowera chabwino chilichonse n'kuyamba kufuna china, aliyense pano wazionapo. Foni imene unkailota chaka chatha, lero ukuidandaula kuti ikuchedwa.

Ndinenenso kuti si zonse zimene mtima umazolowera. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kuchotsedwa ntchito kumasiya bala lokhalitsa, moti ambiri sabwereranso pamene anali ngakhale atapeza ntchito ina. Ndiye tisamauze anthu ovutika kuti muzolowera.

Agogo Nasibeko:
Ana inu mumawerenga zambiri. Ine zaka zimene ndakhala ndaona chinthu chimodzi. Amene amadzuka m'mawa n'kumadzifunsa kuti kodi ndine wosangalala, sasangalala. Chimwemwe chimakupeza uli pakati pochita zina. Umazindikira madzulo kuti lero linali tsiku labwino, pomwe masana sunaganizeko.

Aphunzitsi Mbewe:
Agogo, mwanena zimene Mngelezi wina wanzeru, John Stuart Mill, anazipeza movutikira. Bambo ake anamulera kuti adzakhale msilikali wa maganizo a Bentham, anayamba Chigiriki ali ndi zaka 3. Mu 1826, ali ndi zaka 20, anadzifunsa kuti: zonse zimene ndikumenyera nkhondo, malamulo onse amene ndikufuna asinthe, zitachitika lero lomwe, kodi ndingasangalale? Mtima unamuyankha kuti ayi. Mnyamatayo anagwa mphwayi kwa miyezi yambiri. Taonani, uyu anali munthu wodzipereka pa ubwino wa anthu onse, koma mkati munali mouma. Chimene chinamuthandiza kudzuka, mwa zina, ndi ndakatulo za William Wordsworth, osati mfundo zatsopano. Pambuyo pake anafika pa maganizo oti osangalala ndi okhawo amene maso awo ali pa chinthu china osati chisangalalo chawo, kaya ndi anthu ena, kaya luso, kaya ntchito imene amaikonda payokha.

Ndiye a Nachisale, nkhani ya Mill ikuyankha mbali zonse ziwiri. Kuchita zabwino pakokha sikunamusangalatse. Koma kusaka chisangalalo mwachindunji nakonso anaona kuti n'kutaya nthawi.

Chikumbutso:
Apa pali msampha aphunzitsi. Ngati ndayamba kuthandiza anthu chifukwa ndamva kuti ndi njira yopezera chimwemwe, ndiye kuti maso anga ali pa chimwemwe changa chomwecho. Ndangodzera njira yakuseri.

Aphunzitsi Mbewe:
Zoona, ndipo wothandizidwayo amamva fungo lake. Koma anthu ambiri amayamba ndi zolinga zosakanikira, kenako n'kuyamba kumukonda munthuyo payekha. Sindidikira kuti mtima uyere kaye ndisanakaone wodwala.

Yamikani:
Pa zopatsazi, Elizabeth Dunn, Lara Aknin ndi Michael Norton anachita kafukufuku wina ku Canada amene anatuluka mu 2008. Anapatsa anthu envelopu ya madola 5 kapena 20 m'mawa. Ena anauzidwa kuti adzigulire kanthu, ena kuti agulire wina kapena apereke kwa osowa. Madzulo amene anagwiritsa ntchito ndalamazo pa anthu ena anapezeka osangalala kuposa anzawo, ndipo kuchuluka kwa ndalamazo sikunasinthe kanthu. Koma ofufuza a nkhani zoterezi amabwereza mfundo imodzi imene ikugwirizana ndi anamwino: kupatsa kumasangalatsa kwambiri ngati wasankha wekha, ndiponso ngati ukuona kusintha kumene kwabweretsa. Kupatsa kokakamizidwa sikubala chimwemwe chimenechi.

Nachisale:
Ndiye vuto langa lagona pamenepo. Zambiri zimene ndimachita sindisankha, zimangondigwera. Munthu umakana bwanji m'bale wako weniweni osaoneka woipa?

Mai a Tiyamike:
Uoneka woipa ndithu mwanawe, kwa kanthawi. Palibe njira yokanira imene wokanidwayo angaombere m'manja.

Namwino wa Usiku:
Ine ndimachita chonchi. Sindiyankha pompopompo, ndimati ndikuyankhani mawa. Zopempha zambiri zimafa zokha usiku umenewo chifukwa wopemphayo amayesa kwina. Zotsalazo ndimanena chimene ndingathe ndi chimene sindingathe, osapereka zifukwa khumi, chifukwa chifukwa chilichonse chimene wapereka amachisandutsa khomo lolowera. Ndipo chimene ndavomera ndimachichita ndi mtima wonse, osamukumbutsa munthu chaka chamawa. Ndaona kuti abale amakwiya ndi ayi woyamba, wachiwiri amang'ung'udza, kenako amayamba kubwera ndi zinthu zenizeni zokhazokha.

Dalitso K:
Koma palibe amene wandiyankha za anthu oipa osangalala. Alipo, ndikuwadziwa, akunenepa. Musandiuze kuti mkati akulira, ena salira olo pang'ono.

Aphunzitsi Mbewe:
Alipo a Dalitso, sindikana. Amene amati woipa aliyense amalandira malipiro ake pansi pompano sanayang'ane bwino. Chimene ndinganene n'chakuti njira imeneyo kwa anthu ambiri siyenda, chifukwa imadya chinthu chimene chimwemwe chimadalira kwambiri. Ku yunivesite ya Harvard ku America kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938 ndipo akupitirirabe. Anatsatira amuna 724 moyo wawo wonse, 268 ophunzira a pa Harvard pomwepo, mmodzi mwa iwo John F. Kennedy amene anadzakhala pulezidenti wa America, ndi anyamata 456 ochokera m'madera osauka a mumzinda wa Boston. Robert Waldinger, amene akutsogolera kafukufukuyu, amanena kuti atayang'ana anthuwa ali ndi zaka 50, chimene chinalosera bwino za thanzi lawo pa zaka 80 sichinali mafuta a m'magazi, koma mmene ankakhutirira ndi maubwenzi awo. Tsono munthu wonamiza, wodyera anzake masuku pamutu, angakhale ndi anthu omuzungulira, koma womukhulupirira alibe, ndipo iyenso sakhulupirira munthu.

Dalitso K:
Akadwala anthu amadzaza chipatala kudzamuona, chifukwa ali ndi ndalama. Wosauka wabwino uja amagona yekha.

Namwino wa Usiku:
Amadzazadi masiku oyambirira, magalimoto mbwee panja. Matenda akatalika amayamba kuchepa, mafoni okha. Pamapeto amatsala munthu mmodzi wogona pansi pambali pa bedi, ndipo kawirikawiri ndi uja ankanyozedwa pabanjapo. Koma a Dalitso sakunama pa za wosauka. Ndaonapo anthu abwino zedi akumwalira opanda wowagwira dzanja kupatula ife antchito. Ubwino si inshuwalansi.

Mai a Tiyamike:
A Mbewe, kafukufuku wanuyo bwanji amuna okhaokha? Akazi analibe moyo woti n'kuutsatira?

Aphunzitsi Mbewe:
Funso labwino amayi. Nthawi imeneyo koleji ya Harvard inkalandira amuna okha, ndipo onse 724 anali azungu, ndiye tisamatenge zotsatira zake ngati za anthu onse a padziko. Pambuyo pake anayamba kufunsanso akazi awo, ndipo pano akutsatira ana awo, aakazi ndi aamuna omwe.

Mai a Tiyamike:
Akanayamba ndi akaziwo akanamva msanga kuti maubwenzi amene ankasunga amunawo athanzi ankawasamalira ndani, komanso kuti wosamalirayo thanzi lake linali bwanji.

Chikumbutso:
Apo amayi mwamenya. Aphunzitsi yankhani.

Aphunzitsi Mbewe:
Ndilibe choyankha, amayi anena zoona.

Dalitso K:
Ine ndikadali pa envelopu ya madola 20 ija. A Yamikani, ngati ofufuzawo akufuna anthu ena oti awayese, muwauze kuti ndilipo, koma andiike m'gulu lodzigulira.